Mankhwala Oletsa Bere: Zimene Ziweto Zinaphunzitsa Akatswiri

Awa ndi mau amene wofalitsa nkhani wa Boma analankhula pa msonkhano wa alimi oweta ng'ombe ndi mbuzi.



Pa msonkhano wathu wapitawo bambo wina anaimirira kumbuyo uko nafunsa funso limene ambiri a inu munaseka. Iwo anati, "Kodi nyeleti ija amalandira amai ku cipatala kuti apumuleko pa kubala, singathandize garu wanga amene akuswa kawiri pa caka? Nanga msoti wa ng'ombe umene nkhunzi za m'mudzi zirikuulonda usanakhwime?" Ine ndinasowa yankho tsiku lija, ndipo ndinalonjeza kuti ndikawerenga ndi kufunsa madotolo a ziweto. Lero ndabwera kudzabweza ngongole imeneyo. Coyamba ndinene kuti funso lija silinali loseketsa ai. Bambowo, osadziwa, anali kubwezera mankhwalawo kwao kumene anacokera, pakuti nzeru ya kuletsa bere ndi mankhwala otere inayambira pa akalulu oweta, pa nkhumba ndi pa ng'ombe, zaka zambiri munthu asanamweko ndi mbulu umodzi womwe.

Tiyambe ndi cinthu cimene aliyense wa inu adziwa, ngakhale kamnyamata kobusa. Ng'ombe yaikazi imene iribe bere imafuna nkhunzi kamodzi pa masiku ngati 21. Imalira, imakwera zinzace, ndipo imaima nji nkhunzi ikafika. Kufunako sikukhalitsa, kawiri-kawiri sikutha ndi tsiku lathunthu lomwe. Koma ikangotenga bere, zonsezi zimaleka kwa miyezi 9, kufikira itaswa. Mbuzi icita cimodzi-modzi pa miyezi yace 5. Tsono funso ndi ili: ndani amauza thupi la ng'ombeyo kuti khomo latsekedwa, dzira lina lisaturukenso?

Tsiku lina mukapha ng'ombe yaikazi, musafulumire kugawana zam'kati. Tsatani ciberekero kufikira kunsonga za nyanga zace ziwiri, ndipo mudzapeza tiziwalo tiwiri tolimba, tonga nthudza zazikulu. M'menemo ndimo mucokera mazira. Kawiri-kawiri pa kamodzi ka ito mudzaona kabuma kacikasu kotumphuka. Kabumako kamamera pamalo pomwe paturuka dzira, ndipo akatswiri amakacha m'Cilatini corpus luteum, ndiko kunena kuti kathupi kacikasu. Nkhani yathu yonse ya lero yagona pa kanthu kameneka.

Ziwalo za m'thupi zimatumizirana mau, ndipo amithenga ace ndiwo timadzi tina toyenda m'mwazi, timene amaticha mahomoni. Muwayerekeze ndi akapaso a mfumu: kapaso salima munda, koma akafika ndi mau, mudzi wonse umagwedezeka. Pansi pa bongo pali kaciwalo kamene kamatuma kapaso wace kukauza tiziwalo ta mazira tija kuti tikhwimitse dzira. Dzira likamakhwima pamaturuka homoni yochedwa oestrogen, ndiyo imene imaicititsa ng'ombe kufuna nkhunzi. Dzira litaturuka, kabuma kacikasu kaja kamayamba kuturutsa homoni yina, dzina lace progesterone, ndipo mau ace ndi awiri. Kwa ciberekero imati, "Konza malo, usunge mlendo." Kwa kaciwalo ka kumutu kaja imati, "Khala cete, usaitanenso dzira lina." Ng'ombe ikapanda kutenga bere, kabumako kamafota patapita masabata awiri ndi theka, ndipo zonse ziyambanso. Ikatenga, kabumako kamakhalabe. Cotero mankhwala oyamba oletsa bere sanapangidwe ndi munthu: bere lomwelo ndilo limaletsa bere linzace.

Oyamba kucita nako kanthu kabumaka anali madotolo a ziweto, ndipo iwo sanali kufuna kuletsa bere, anali kufuna kulibweretsa. Ku Switzerland, cakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, iwo anaona kuti ng'ombe zina zimene zakhala nthawi yaitali osafuna nkhunzi ziri ndi kabuma kokana kufota. Dotolo akalowetsa dzanja nakafinya kabumako mpaka kutacoka, ng'ombeyo inali kufuna nkhunzi patapita masiku owerengeka. Musakayese zimenezi ku khola kwanu. Ng'ombe zina zinafa nazo cifukwa ca kukha mwazi m'kati, ndipo masiku ano pali njira yabwino yoposa imeneyo, imene ndidzaichula patsogolo. Koma phunziro linaoneka poyera: ukacotsa kabumako, khomo litseguka.

Amene anatembenuza nzeruyi anali mphunzitsi wa za thupi ku Innsbruck m'dziko la Austria, dzina lace Ludwig Haberlandt. Iye anaganiza kuti, ngati kucotsa kabumako kumatsegula khomo, kodi kukaonjezera sikungalitseke? M'caka ca 1919 anayamba kutenga tiziwalo ta mazira ta akalulu okhala ndi bere ndi kutisokerera pansi pa cikopa ca akalulu ena opanda bere. Akaluluwo anawaika kwa amphongo, nakweredwa ndithu, koma ambiri sanatenge bere kwa kanthawi; mphamvuyo itatha anayambanso kuswa monga kale. Anayesanso pa mbira. Analemba zimenezi m'caka ca 1921, ndipo pambuyo pace anaonetsa kuti mbewa zoweta zimaleka kuswa zikadyetsedwa madzi ofinyidwa ku ziwalo zotere. Haberlandt ananena mosabisa kuti tsiku lina amai adzamwa mankhwala otere. Mau amenewo anamutengera adani ambiri pakati pa anzace ndi m'manyuzipepa, ndipo m'caka ca 1932 anadzipha yekha, nchito yace isanapite patali.

Mwina mudabwa kuti kalulu alikuchulidwa bwanji kawiri-kawiri m'nkhani iyi. Cifukwa cace ndi cakuti kalulu wamkazi saturutsa dzira pa masiku oikika monga ng'ombe. Iye amadikira kukweredwa, ndipo mazira amaturuka patapita maola ngati 10. Kwa munthu woyesa mankhwala ici ndi cuma, pakuti iye mwini ndiye asankha ola. Alasa kaluluyo mankhwala, amuika kwa mphongo, ndipo m'mawa mwace ayang'ana tiziwalo tija ndi kuwerenga mabala a mazira amene aturuka. Akapeza palibe, adziwa kuti mankhwala agwira. Kalulu sadya zambiri, ndiponso bere lace ndi la mwezi umodzi cabe. Kuyesa komweko pa ng'ombe kukadatha zaka ndi makola ambiri.

Haberlandt sanadziwe ceni-ceni cimene cinali m'madzi ace aja. M'caka ca 1929 George Corner ndi Willard Allen, a ku Rochester m'dziko la America, anafinya timabuma ta nkhumba zophedwa ku butchala, naonetsa kuti madzi ace amasunga bere la kalulu amene wacotsedwa tiziwalo tace ta mazira. M'caka ca 1934 homoniyo inapatulidwa payokha yoyera. Koma taonani kubvuta kwace: Adolf Butenandt wa ku Germany ndi anzace anafuna ziwalo za nkhumba zazikazi 50,000 kuti apeze mamiligaramu 20 okha, kaufa kosadzaza ndi nsonga ya mpeni yomwe. M'caka ca 1937 akatswiri atatu a ku Pennsylvania, Makepeace, Weinstein ndi Friedman, analasa akalulu progesterone yoyerayo, ndipo mazira sanaturuke. Apo zinatsimikizika kuti Haberlandt ananena zoona, iye atagona kale m'manda zaka 5.

Mtengo wa mankhwalawo unagwetsedwa ndi comera ca m'chire. Russell Marker, katswiri wa ku America, anapeza njira yosandutsa madzi a zomera zina kukhala progesterone, ndipo anakapeza cilazi ca kuthengo m'nkhalango za ku Mexico, mbale wace wa mpama umene agogo athu anali kukumba m'caka ca njala. M'caka ca 1944 iye ndi anzace anakhazika kampani ya Syntex kumeneko. Ndinene msanga kuti kudya cilazico sikuletsa bere. Thupi silingathe kucisandutsa lokha, kusandutsako kumacitika m'nyumba ya mankhwala. Bvuto lina linatsala, lakuti progesterone ikamwedwa imaonongeka m'ciwindi isanagwire nchito yeni-yeni. M'caka ca 1951, ku Syntex komweko, Luis Miramontes, Carl Djerassi ndi George Rosenkranz anapanga msuweni wace wamphamvu wokhoza kumwedwa, wochedwa norethisterone. Caka comweco Gregory Pincus ndi Min Chueh Chang, a ku Massachusetts, anayamba kuyesanso progesterone pa akalulu, kenaka pa makoswe, ndipo pambuyo pace anayesa mankhwala atsopano oculuka kuti aone amene aletsa dzira koposa. M'menemo ndimo munacokera mibulu ya kulera, imene Boma la America linabvomereza m'caka ca 1960. Za anthu ndilekera pomwepa, pakuti eni ace a nkhaniyo ndi a cipatala.

Pa zaka zomwezo alimi a nkhosa a kumadzulo kwa Australia anaphunzira za mahomoni mwa njira yowawa. Iwo anabzala m'mabusa mwao kacomera ka mtundu wa nyemba kochedwa subterranean clover, kamene kamanenepetsa nkhosa ndi kukometsa nthaka. Nkhosa zinanenepadi, koma m'zaka za m'ma 1940 zambiri zinaleka kuswa, zina zinabvutika pa kuswa, ndipo ngakhale nkhosa zofula zinayamba kuturutsa mkaka. Bennetts, Underwood ndi Shier analongosola nthendayi m'caka ca 1946. Kunapezeka kuti masamba a kacomerako ali ndi madzi amene m'thupi la nkhosa amacita ngati oestrogen. Nkhosa zimene zinadya kanthawi kocepa zinacira zitacotsedwa m'busamo, koma zimene zinadya zaka zingapo zinakhala zouma mpaka kufa. Alimiwo anapulumuka pobzala mitundu yina ya kacomerako yokhala ndi madziwo pang'ono. Ine ndiyesa kuti nkhani iyi ndiyo yofunika kuisunga koposa zonse, cifukwa ionetsa kuti kuletsa kwa kanthawi ndi kuumitsa kwa muyaya zasiyana pa muyeso ndi pa utali wa nthawi basi.

Tsopano tibwere ku khola. Mlimi safuna ng'ombe youma. Afuna thole caka ndi caka. Nanga mankhwala oletsa bere amuthandiza ciani? Yankho linacokera ku Wisconsin m'caka ca 1948, kumene Casida ndi anzace analasa misoti ya ng'ombe ndi nkhosa progesterone tsiku ndi tsiku. Nthawi yonse ya nyeletiyo panalibe imene inafuna mphongo. Koma atangoleka, pafupi-fupi zonse zinafuna pamodzi m'masiku ocepa. Ziri monga madzi a mumfolo: ukachinga, amasonkhana, ndipo ukatsegula amafika m'dimba pa nthawi imene wafuna iwe. Kulasa tsiku ndi tsiku kunali kotopetsa, cotero m'zaka za m'ma 1960 T. J. Robinson wa ku Sydney anakonza kathonje konyika m'mankhwala koika m'njira ya nkhosa, ndipo pambuyo pace ku New Zealand anapanga kacipangizo kochedwa CIDR, kamene amaika m'njira ya ng'ombe kwa masiku ngati 7 ndi kukasolola ndi kacingwe. M'zaka za m'ma 1970 kunabweranso nyeleti ya prostaglandin, imene imafotetsa kabuma kacikasu popanda kukafinya ndi dzanja.

Phindu lace kwa ife liri pa kubereketsa ng'ombe ndi mbeu ya nkhunzi yosungidwa m'cisanu. Wogwira nchitoyo amakhala kutali, ndipo sangayende mtunda wonsewo cifukwa ca ng'ombe imodzi imene kufuna kwace kudzatha dzuwa lisanalowe. Koma alimi khumi akagwirizana, ng'ombe zao zonse zikhoza kukonzeka tsiku limodzi, ndipo matole adzabadwa pa nyengo ya msipu, osati m'mwezi wa October pamene amai ao alikudya mapesi ouma. Pali macenjezo awiri. Ng'ombe yoonda, yooneka nthiti, siimva mankhwala awa, pakuti cimene cailetsa ndi njala, ndipo ndarama zanu zidzangotayika. Ndiponso prostaglandin ikalasidwa pa ng'ombe imene iri ndi bere laling'ono limene simunalidziwe, bere limenelo licoka. Nyeletiyo imalowanso pa khungu la munthu, cotero mai woyembekezera asaikhudze konse.

Ndafika tsono pa funso la bambo aja. Za garu, yankho ndi lakuti inde, mankhwala a mu nyeleti ya amai ija amaletsadi garu wamkazi kufuna amphongo. Anayesedwa pa agaru kale-kale. Koma cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ciberekero ca garu sicipirira mahomoni awa monga ca munthu. Cimatupa, kenaka cimadzala mafinya, makamaka ngati nyeletiyo yalasidwa garu atayamba kale kufuna, kapena muyeso wapitirira. Garuyo amaleka kudya, amamwa madzi kosalekeza, mimba imafufuma, nthawi zina mafinya amaturuka kumbuyo, ndipo akapanda kung'ambidwa msanga amafa. Agaru a mtundu wa beagle amene anapatsidwa mankhwalawa nthawi yaitali anamera zotupa m'mawere. Cimeneci cinali cimodzi mwa zifukwa zimene Boma la America linacedwera kubvomereza nyeletiyo kwa amai kufikira caka ca 1992, ndipo akatswiri anatsutsana zaka zambiri asanagwirizane kuti pa cinthu ici thupi la garu limayankha mosiyana ndi la munthu. Cotero amai asacite mantha ndi zimene ndanenazi. Koma mwini garu acite nazo mantha ndithu.

Si garu yekha. Osunga nyama za kuthengo m'mipanda ya m'mizinda ya ku America anayamba m'zaka za m'ma 1970 kuika timibulu ta mahomoni pansi pa cikopa ca mikango ndi akambuku, cifukwa ana anali kuculuka malo osakwana. Bere linaletsedwadi, koma patapita zaka zambiri mwa nyamazo zinapezeka ndi nthenda za ciberekero ndi khansa ya m'mawere. Inu a kufupi ndi Luangwa, amene njobvu zimakudyerani cimanga, mumvere iyi. Ku Kruger m'dziko la South Africa, ataleka kupha njobvu zopitirira muyeso, anayesa m'caka ca 1996 kuika oestrogen pansi pa cikopa ca njobvu zazikazi zowerengeka. Sizinatenge bere, inde, koma homoniyo, monga ndanena kale, ndiyo imaitana mphongo. Njobvuzo zinakhala ngati zirikufuna nthawi zonse, zamphongo zinazilondola usana ndi usiku ndi kuzipatula ku gulu, ndipo ana oyamwa anasiyana ndi amai ao. Kuyesako kunalekeka, ndipo kumalo ena a m'dziko lomwelo anatembenukira ku katemera wosagwiritsa mahomoni, amene amaletsa mbeu ya mphongo kulowa m'dzira. Pa kalulu wa m'bokosi bvuto lotere silikadaoneka, cifukwa kalulu alibe gulu loti alisokoneze. Ici ndi cifukwa cace mankhwala ayenera kuyesedwa pa mtundu uli wonse wa nyama pawokha, ndipo muyeso wa nyama yina subwerekedwa.

Tsono garu wanu mucite naye ciani, bambo? Njira yokhalitsa ndiyo kupita naye kwa dotolo wa ziweto kuti akamucotse ciberekero ndi tiziwalo ta mazira kamodzi kokha, ndipo pa ulendo womwewo alandire katemera wa ciwewe. Ngati dotolo ali kutali, garu amafuna amphongo kwa masabata ngati atatu, kawiri pa caka. Mumutsekere m'kanyumba kolimba masiku onsewo, ndi madzi ndi cakudya, osati kumumanga pa mtengo pabwalo, pakuti cingwe cimaletsa iye kucoka koma siciletsa alendo kufika. Alipo mankhwala ena opangira agaru eni ace, koma amene adziwa tsiku loyenera ndi muyeso wace ndi dotolo.

Za msoti, nkhawa yanu ndi yoona. Msoti wokweredwa usanakule umapinimbira, umabvutika pa kuswa, ndipo kawiri-kawiri umacedwa kutenganso bere laciwiri. Alangizi amati udikire kufikira utalemera magawo awiri mwa atatu a kulemera kwa ng'ombe yaikulu ya mtundu wace. Ku America alimi onenepetsa misoti ya nyama amasakaniza mankhwala oletsa kufuna nkhunzi m'cakudya ca tsiku ndi tsiku, koma ng'ombe zao zimadyera m'mwadiro, yonse muyeso wace. Ng'ombe zathu za Angoni zimadya m'dambo limodzi ndi za mudzi wonse, ndipo kuphonya masiku awiri kokha kukwanira kutsegula khomo lija. Kwa ife mankhwala a msoti ndiwo mpanda, mbusa wace-wace, ndi cofulira cimene mlangizi wa ziweto amayenda naco. Tinkhunzi tosasankhidwa timene timayendayenda m'dambo tifulidwe tikali tating'ono, tidzakhale ng'ombe za pulawo ndi ngolo, ndipo mudzi usunge nkhunzi imodzi kapena ziwiri zimene nonse mwazibvomereza. Apa a Mfumu ndi manduna ndinu mungatithandize, cifukwa munthu mmodzi sangafule nkhunzi ya mnzace.

Amene mufuna kuti ng'ombe zanu zilowe m'gulu lokonzekera mbeu ya m'cisanu, yambani lero kulemba m'kabuku tsiku limene ng'ombe iri yonse yaswa ndi tsiku limene mwaiona irikufuna nkhunzi. Mlangizi akadzafika adzayamba wafunsa masiku amenewo, kenaka adzapima ng'ombe iri yonse ndi dzanja kuti aone ngati iribe bere, asanatsegule botolo liri lonse.  Ngati alipo mafunso ena, ndiri pano kufikira madzulo.